Webusaiti muli nayo, koma ikumuuza chiyani kasitomala?

Tiyerekeze kuti ku ofesi ina ku Lilongwe abwana auza mayi woona za misonkhano kuti apeze malo ku Mangochi oti anthu 40 akachitireko maphunziro a masiku atatu. Mayiyo sakwera basi kudzayendera malo ogona alendo kuyambira pa Boma mpaka ku Monkey Bay. Amatenga foni, n'kulemba pa Google zimene akufuna. Webusaiti yoyamba yatseguka. Zithunzi zake n'zokongola, dzuwa likutuluka panyanja, mchenga woyera, mbale ya chambo chowotcha. Pansi pake pali mawu a Chingerezi onena kuti malowa ndi paradaiso ndipo mlendo akafika amaiwala mavuto onse. Mayi uja akuyang'ana zina. Holo imalowa anthu angati? Zipinda zilipo zingati? Magetsi akazima pali jenereta? Nanga amapereka kotesheni ndi risiti zoti akawunti akazivomereze? Palibe yankho n'limodzi lomwe. Wabwerera m'mbuyo, watsegula webusaiti ina.

Mwini malo uja sadzadziwa kuti tsiku limenelo anthu 40 anafika pakhomo pake n'kubwerera. Pamsika wogula akatembenuka umamuona, umatha kumuitana kuti "bwerani mayi tikambirane". Pa intaneti amachoka mwakachetechete. N'chifukwa chake eni mabizinesi ambiri kuno sakhulupirira kuti mawu a pa webusaiti yawo ali ndi vuto. Amangoti malonda avuta chaka chino.

Webusaiti imafuna anthu atatu. Pali woimanga, amene amadziwa za kompyuta. Pali wojambula zithunzi. Wachitatu ndi wolemba mawu, amene pa Chingerezi amamutcha copywriter. Awiri oyambawo timawalipira osanyinyirika chifukwa ntchito yawo imaoneka ndi maso. Ikafika nthawi ya mawu, womanga uja amaimba foni kuti "bwana, nditumizireni zoti ndiikepo", ndipo bwana amaitana mphwake amene anakhoza bwino Chingerezi pa MSCE kuti alembeko ndime ziwiri usiku womwewo. Pena womangayo amangolowa pa webusaiti ya hotelo ina ya kunja, n'kukopera, n'kusintha dzina lokha.

Mphwake uja Chingerezi amachidziwadi. Koma ntchito ya mlembi wa mawu a malonda siyambira pa galamala. Iye si mtolankhani, si mphunzitsi wa chiyankhulo, komanso si mlakatuli. Ntchito yake ndi kudziwa munthu amene akuwerenga, kudziwa chimene chikumukayikitsa kuti atulutse ndalama, ndi kumuyankha mwadongosolo mpaka aimbe foni kapena atumize uthenga. Gawo lalikulu la ntchitoyi limachitika asanalembe ngakhale liwu limodzi, pamene akufunsa mafunso.

Apa m'pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ambiri amandifunsa kuti munthu wobwera angalembe bwanji za bizinesi yanga kuposa ine mwini wake. Yankho lake n'lakuti mwini wake amadziwa zambiri mopitirira. Zinthu zimene wakhala akuziona tsiku ndi tsiku kwa zaka khumi sazionanso ngati nkhani. Mufunseni njira yopita kumalo ake, akuuzani kuti "mukangodutsa pa Makawa mukhotere kunyanja, aliyense akulozerani". Kwa iye watha kufotokoza. Kwa munthu amene watera pa bwalo la ndege la Kamuzu ndipo sanapondepo Mangochi, mawu amenewo ndi mdima. Sakudziwa ngati adzere ku Golomoti kapena ku Liwonde, sakudziwa ngati kagalimoto kakang'ono kangafike nthawi ya dzinja, sakudziwa ngati angafike kusanade. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mlembi wabwino amabwera ngati mlendo dala, n'kufunsa mafunso amene mwini malo amawaona ngati achibwana.

Ndinakhalapo pa zokambirana zotere pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Mlembi anafunsa mwini wake kuti, "Bambo, alendo akamachoka amayamikira chiyani kwenikweni?" Bambowo anayankha kuti chilichonse, malo ndi abwino. Mlembi sanakhutire. Anapempha kuti ayankhule ndi mayi wa pa risepishoni, wophika, ndi mnyamata woyendetsa boti. Mayi wa pa risepishoni ndiye anaulula kuti mabanja ambiri amabwereranso chifukwa madzi a pagombe lawo ndi osaya kwa mtunda ndithu, ana amasewera makolo ali phee pamthunzi. Wophika anati nyama yonse imene amaphika ndi ya halal, ndipo alendo achisilamu amafunsa zimenezi asanakhale n'komwe pansi. Zinthu ziwirizi pa webusaiti panalibe. Bambo aja anangoti, "Aa, zimenezo n'zolemba?" Zinali zolemba, ndipo zinali zamtengo kuposa mawu onse a paradaiso aja.

Mangochi ili ndi vuto lake lapadera pankhaniyi, loti ogula ake si amtundu umodzi. Pali mzungu amene akukonza ulendo ali ku London kapena ku Berlin miyezi ingapo isanakwane. Iye akufuna kudziwa za malungo ndi maneti, za likodzo ngati asambira m'nyanja, ngati angalipire ndi khadi, ngati pali boti lopita ku zilumba za Thumbi ndi Domwe kukaona tinsomba tokongola totchedwa mbuna, ndiponso mmene angakwerere Ilala ku Monkey Bay. Pali wa misonkhano uja, amene mbuna alibe nazo ntchito. Pali banja la ku Blantyre lofuna kudzadya Khirisimasi kapena Pasaka kunyanja, limene funso lake loyamba ndi mtengo, lachiwiri ngati ana amalipira, lachitatu ngati angabwere ndi zakumwa zawo kapena kuwotcha okha nyama. Palinso a ukwati ofuna malo ojambulirapo zithunzi ndi madyerero. Ukalemba tsamba limodzi loti likondweretse onsewa, silimuyankha aliyense. Mlembi wodziwa amakhala pansi ndi mwini bizinesi n'kufunsa kuti ndalama zambiri zimachokera kwa ndani, miyezi iti, ndipo ndi gulu liti limene akufuna lichuluke. Akatero amapatsa gulu lililonse tsamba lake, ndipo tsamba loyamba limangokhala ngati mlonda wa pageti wolozera aliyense khomo lake.

Kusiyana kwake kumaoneka bwino tikaika ziganizo pambali. Mawebusaiti ambiri a kuno, tikawamasulira m'Chichewa, amanena zonga izi: "Takulandirani kumalo athu apamwamba kumene timapereka chisamaliro chosayerekezeka kwa makasitomala athu olemekezeka." Chiganizo chimenechi mungachiike pa webusaiti ya banki, ya sukulu ya mkaka, ngakhale ya okonza maliro, chikwanabe. Sichikunena kanthu. Mlembi akamaliza kufunsa mafunso ake amalemba zonga izi: "Tili ndi zipinda 14, zonse zoyang'ana kunyanja, chilichonse ndi neti ndi fani. Holo yathu imalowa anthu 50, ndipo magetsi akazima jenereta imayaka. Chambo timagula m'mawa uliwonse kwa asodzi a pagombe lomweli." Mawu ake ndi wamba, mwana wa Sitandade 6 angawamve. Koma wowerenga waona malowo m'maganizo mwake, ndipo wayamba kukhulupirira, chifukwa munthu amene akutchula nambala ya zipinda ndi kumene amagula nsomba akuoneka kuti sakubisa kanthu.

Pali nkhani inanso ya kawerengedwe. Anthu ambiri kuno amalowa pa intaneti ndi foni, ndi bandulo yogula ya tsiku kapena ya sabata, netiweki ikubwera n'kumapita. Munthu wotere sawerenga ngati akuwerenga buku. Amatsetsereka ndi chala, maso akusaka mtengo, malo ndi nambala. Mlembi amadziwa zimenezi, ndiye amaika chofunika kwambiri pamwamba, ndime zake zimakhala zazifupi, timitu take timanena zimene zili pansi pake. Mbiri ya mmene agogo anayambira bizinesi mu chaka chakuti ndi yokoma, ndipo ili ndi malo ake, koma isatsekereze munthu amene akungofuna kudziwa ngati Loweruka kuli chipinda. Ndipo kumapeto kwa tsamba lililonse amamuuza wowerenga chochita: tumizani uthenga pa WhatsApp pa nambala iyi, tchulani masiku ndi chiwerengero cha anthu, tikuyankhani lero lomwe, ndalama yosungitsira malo mutha kutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Zikuoneka zazing'ono. Koma mawebusaiti angati mwawaona amene nambala ya foni inabisika pansi penipeni, ndipo ukaiimba supeza munthu?

Tsopano za Google, zimene anthu amazitenga ngati matsenga. Google ili ndi mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti kuwerenga mawu a pa masamba ndi kuwasunga. Munthu akafunsa funso, imamuonetsa masamba amene ikuona kuti akuyankha funsolo. Ndiye ngati webusaiti yanu sinatchule paliponse kuti muli ndi holo ya misonkhano ku Mangochi, musadabwe kuti wofuna holo ya misonkhano ku Mangochi sakukupezani. Ena amaika mitengo ndi mndandanda wa zakudya m'chithunzi chonga positala, osadziwa kuti mawu a m'chithunzi Google siwadalira ngati mawu olembedwa patsamba penipeni. Mlembi amafufuza mawu amene ofuna malonda anu amalembadi akamasaka, n'kuwalowetsa m'ziganizo mwachibadwa, komanso amalemba mutu ndi kachidule kamene kamaoneka pa Google munthu asanatsegule tsamba.

Mayina a malo nawo ndi nkhani. Ife timati ku Chembe, mlendo wa kunja amalemba Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anapatsa malowo polemekeza mnzake Thomas Maclear. Akuluakulu amati ku Lusumbwe, mapu amati Monkey Bay. Wokonda mbiri yakale atha kusaka Fort Johnston, dzina lakale la tauni ya Mangochi. Mlembi wodziwa dera lino amatchula mayina onse pamene akuyenera. Amadziwanso kuti Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndi kuti mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875 isanasamukire kumpoto. Zoterezi zikalembedwa molondola zimakopa mlendo amene akufuna kudziwa choti achite akafika, ndipo zikalakwika zimachotsa ulemu tsamba lonse. Chenjezo ndi lakuti pali ena odzitcha akatswiri a SEO, luso lothandiza webusaiti kuonekera msanga pa Google, amene amangobwereza mawu amodzimodzi m'chiganizo chilichonse poganiza kuti akunyenga Google. Malamulo a Google omwewo amaletsa mchitidwe umenewu, ndipo wowerenga amanyansidwa nawo msanga kuposa makinawo.

Zokopera zija nazo zili ndi mtengo wake. Tsamba lofanana ndi la wina silikupatsani mwayi pa Google, chifukwa ikaona masamba awiri onena zofanana nthawi zambiri imasankha limodzi loti ionetse. Komanso mawu olembedwa ali ndi mwini wake. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza umwini wa zolemba ndi zaluso, Copyright Act ya 2016, ndipo si la oimba okha ayi.

Wina anena kuti ine alendo amandipeza pa Booking.com, pamene anthu amasakira ndi kusungitsa malo ogona pa intaneti, ndiye webusaiti yanga ya chiyani. N'zoona kuti malo ngati amenewo amabweretsa alendo, ndipo sindinganene kuti muchokemo. Koma amadula gawo lawo pa mlendo aliyense, kawirikawiri pafupifupi 15 pa 100 iliyonse. Alendo ambiri akaona dzina la malo kumeneko amakalisakanso pa Google kuti aone webusaiti yake. Akapeza mayankho omveka ndi njira yosavuta yosungitsira malo, ena amalankhula nanu mwachindunji, ndipo gawo lija limatsala m'thumba mwanu. Akapeza mawu opanda mutu, amabwerera kumene anachokera. Phindu lina ndi nthawi. Ganizani maola amene mayi wa pa risepishoni amathera poyankha funso lomwelomwelo pa WhatsApp, la mtengo, la njira, la nthawi ya chakudya cham'mawa. Tsamba limodzi la mafunso ndi mayankho lolembedwa bwino limamupeputsira katundu ameneyu.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa ntchitoyi ndi choonadi. Pali maganizo akuti mlembi wa malonda amalipidwa kuti akometsere zinthu, kuti kachipinda kotentha kaoneke ngati nyumba ya mfumu. Mlembi wotero ndi woopsa ku bizinesi yanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo masiku ano wotsegula mkuyuwo amakalemba zimene wapeza pa TripAdvisor, webusaiti ya ndemanga za apaulendo, ndi pa Google, pamene aliyense aziwerenga kwa zaka. Kutsatsa malonda monama n'koletsedwanso ndi malamulo, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula pa zoterezi. Mlembi wodziwa ntchito amakuumirizani kunena zimene mukadakonda kubisa, koma amazinena mwanzeru. Ngati msewu wofika kwanu ndi wafumbi ndipo umavuta mvula ikagwa, amalemba choncho, n'kuwonjezera kuti mutha kukamutenga mlendo pa tala. Ngati miyezi ya mwera nyanja imawinduka ndipo maulendo a boti amalephereka masiku ena, amalemba. Mlendo amene wauzidwiratu sakwiya. Tonse tikukumbukira mu 2024 pamene madzi a nyanja anakwera mpaka kulowa m'malo ena ogona alendo kuno. Malo amene anasiya zithunzi ndi mawu akale onena za mchenga wautali pagombe, pamene gombelo linali litamira, anadziika okha pa mkangano ndi alendo awo.

Nanga ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene imalemba yokha zimene waiuza? Funsoli silingalephere, chifukwa kuyambira pamene inatuluka mu November 2022 aliyense wa foni atha kupeza ndime zosalala za Chingerezi m'kamphindi. Alembi ambiri amaigwiritsa ntchito, ndipo palibe cholakwika. Koma makinawa sanafikepo pamalo panu. Sadziwa za madzi osaya aja, sanayankhule ndi wophika, sadziwa kuti jenereta yanu imakwanitsa holo koma osati zipinda zonse. Ukawauza kuti alembe za malo ogona alendo ku Mangochi amakupatsa paradaiso yemwe uja, wolembedwa bwino kuposa wa mphwanu, ndipo mnzanu wa mpanda winawo akafunsa amapatsidwa zofanana. Pena amapeka ndi zinthu zimene kulibe, n'kukulemberani dziwe losambiramo limene simunakumbe. Chimene mukulipira kwa mlembi ndi miyendo yake, makutu ake, ndi nzeru yosankha choti chinenedwe ndi choti chisiyidwe.

Za chiyankhulo ndinenepo mwachidule. Tinazolowera kuti webusaiti ndi ya Chingerezi basi. Kwa wofuna azungu ndi maofesi, n'zoona. Koma wogulitsa injini za maboti, maukonde, mbewu kapena simenti, wa sukulu yapulaiveti ku Namwera, wa chipatala chaching'ono pa Boma, ogula ake amaganiza m'Chichewa ndi m'Chiyao. Tsamba la Chichewa lolembedwa ndi munthu amene amachiyankhula, osati lomasuliridwa ndi makina, limamufika kasitomala wotere pamtima, ndipo opikisana nanu ambiri sanaganizeko zimenezo.

Sikuti bizinesi iliyonse ikufunika mlembi lero. Mayi wogulitsa usipa wouma amene makasitomala ake ndi anthu asanu a ku Limbe omwe amamuimbira foni sabata iliyonse, ndalama yake aiike kaye pa katundu. Wa kabaza safuna webusaiti. Mlembi amapindulitsa pamene ogula anu ali kutali, sakukudziwani, akuyerekeza inu ndi ena, ndipo ndalama imene atulutse ndi yoti munthu amayamba waganiza. Malo ogona alendo, oyendetsa alendo panyanja, ochititsa misonkhano ndi maukwati, sukulu zogonera komweko, ogulitsa nsomba kapena zosemasema kwa ogula akutali, amenewa ndiwo ayenera kuiganizira nkhaniyi mofatsa. Ndipo ngati ndalama ndi yochepa, yambani ndi masamba awiri kapena atatu amene amabweretsa ndalama, ena adzabwera pambuyo.

Posankha munthu, musatengeke ndi Chingerezi chake cha pakamwa. Mupempheni akuonetseni mawebusaiti amene analemba, muwatsegule pa foni yanu, muone ngati mukumva chimene akugulitsa musanatope. Kenako muone mmene akuyambira ndi inu. Amene akutchula mtengo ndi tsiku lomaliza asanakufunseni kuti makasitomala anu ndi ndani, ameneyo akakopera. Amene akulonjeza kuti akuikani pa nambala wani pa Google pofika mwezi wamawa akunama, chifukwa palibe amene angalonjeze zimenezo. Woyenera amafuna kufika pamalopo, kapena ngati ali kutali amakhala nanu pa foni nthawi yaitali, amapempha kuona mauthenga amene makasitomala amatumiza ndi madandaulo awo, ndipo amakubwezerani zolemba kuti mutsimikize nambala iliyonse isanakwere pa intaneti.

Mgwirizano ukhale wolembedwa, ngakhale pa pepala limodzi. Utchule masamba angati, mtengo, kangati angakonzenso mukapempha, ndi kuti mukamaliza kulipira mawuwo ndi anu, mutha kuwaika pa Facebook, pa kabuku kapena pa chikwangwani osapemphanso chilolezo. Mugwirizanenso za amene azisintha zinthu zikasintha. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo yambiri imene inali pa mawebusaiti inasanduka yabodza tsiku limodzi. Mlembi woganiza patali amaika mitengo pa tsamba limodzi lokha, ndi deti limene inasinthidwa komaliza, m'malo moimwaza paliponse, kuti inu kapena mayi wa pa risepishoni muzitha kuikonza nokha. Izi zimatheka pokhapokha ngati pasiwedi ya webusaitiyo ili m'manja mwanu ndipo dzina lake linalembetsedwa m'dzina la bizinesi yanu, osati la mnyamata amene anaimanga, yemwe mwina pofika chaka chamawa adzakhala ali ku Joni ndi nambala ina.